Kabokosi Kamene Kanazunguza Komiti ku Bindura

Makolo athu atatsika m'malole a Ulere kudzafuna ntchito m'migodi ya kuno, m'mitolo mwawo munali zinthu zitatu: gule, bawo ndi komiti. Gule ali ndi nyengo yake, bawo imadikira mthunzi, koma komiti sigona tulo. Ku Bindura kuno anthu atatu akwathu akangokwera kombi imodzi ya ku Harare, pofika pa Mazowe mmodzi ndi tcheya, wina mlembi, wachitatu msungichuma, chuma chake chisanapezeke n'komwe.

Tsono ana asukulu a ku Chipadze ndi ku Chiwaridzo atapempha holo yoti achitiremo mpikisano wa kiyubu, kabokosi kaja ka mitundu isanu ndi umodzi kamene amakapotokola zala zili waliwali, akuluakulu a sosayiti ya maliro anati nkhaniyo isiyidwe m'manja mwawo. "Ife tinanyamulapo maliro kuchoka pa mgodi wa Trojan mpaka ku Dedza, kudutsa maboda awiri," anatero a Tcheya. "Kabokosi kangatikanike?" Ine anandipatsa ntchito yonyamula timabokosito kuchoka pa tebulo la osokoneza kupita kwa opikisana, choncho zambiri ndinazionera pafupi.

*

Pa msonkhano woyamba anaitana mtsikana wa Fomu 3, katswiri wa anzake onse, kuti afotokoze chiyambi cha chinthuchi. Anagwada kaye, kenako n'kunena kuti anakapanga ndi Ernő Rubik, mphunzitsi wa za mapulani a nyumba ku Budapest, m'dziko la Hungary, mu 1974, ndipo atakasokoneza koyamba zinamutengera pafupifupi mwezi kuti akabwezeretse.

"Mwezi?" anafunsa a Tcheya. "Chinthu chopanga yekha?"

"Eya, agogo."

"Ndipo ntchito sanamuchotse?"

Pofuna kuteteza mzunguyo, mtsikanayo analemba pa bolodi nambala ya njira zonse zimene kabokosika kangasokonekere: 43,252,003,274,489,856,000. Holo yonse inati zii. Amene sanatekeseke ndi a Msungichuma okha. Anavala magalasi, anayendetsa chala pa manambalawo, kenako n'kuseka.

"Mwana wanga, nambala imeneyi ukaopseze nayo anthu a ku Hungary. Ife kuno mu 2009 tinali ndi pepala limodzi la 100 trillion, ndipo tinkapita nalo kogula buledi. Yakoyi ndi mapepala 432,520 okha. Mawilibala angapo basi, ndipo ukanafika pa sitolo buledi atakwera."

*

Mpikisano woti zotsatira zake zidziwike padziko lonse umayenera kuvomerezedwa ndi World Cube Association, bungwe limene Ron van Bruchem wa ku Netherlands ndi Tyson Mao wa ku America anayambitsa mu 2004. Lamulo lake n'lakuti pakhale nthumwi ya bungwelo yoyang'anira zonse, kuyambira mawotchi mpaka mapepala a zotsatira. A Tcheya atamva za nthumwi anasangalala, nati nthumwi tili nazo zosefukira: ya ku CCAP, ya ku Katolika, ya ku mzikiti, ndi bambo wina amene amakhala nthumwi paliponse pamene pafuka utsi wa nyama. Atauzidwa kuti ikufunika yochokera kutali, yofuna thiransipoti ndi pogona, a Msungichuma anatsokomola kawiri. Aliyense wa m'sosayiti amachidziwa chifuwa chimenecho. Tinagwirizana kuti malamulo titsata a bungwelo, koma zotsatira zikhala zathuzathu, zolembedwa m'buku la a Mlembi.

Buku la a Mlembi ndi limodzi, lachikuto cholimba chakuda. Madzulo ake mayi wina anafika wefuwefu, chitenje chili m'manja.

"Bambo Mlembi, ndamva kuti mwana wanga mwamulemba m'buku lija! Mwana ndamusiya akudya mbatata kunyumba!"

Anawakhazika pansi n'kuwaonetsa kuti za maliro zimalembedwa kuyambira kutsogolo, za kiyubu kuyambira kumbuyo. Mayiwo anawerenga masamba otsala pakati, anapeza kuti ndi ochepa, n'kupempha kuti wawo amulembe pa katoni.

*

Ndalama yolowera inali theka la dola, ndipo mlandu unayambira pomwepo, chifukwa chenji cha dola ku Bindura timangochimva m'nthano. Wina anabwera ndi dola yong'ambika yomata ndi selotepi, wina ndi ZiG, ndalama yathu yomwe inayamba mu Epulo 2024, wina anatumiza pa EcoCash ku nambala ya apongozi a Msungichuma. Chenji tinkabweza maswiti, moti pofika 10 koloko theka la opikisana linali ndi zala zomata. Gogo wina analipirira adzukulu anayi ndi tambala wamoyo.

Kenako kunafika mnyamata wa chikorokoza, wokumba golide mozemba, majombo ali matope okhaokha, kudzalembetsa mng'ono wake. Anapisa m'sokosi, anatulutsa kapulasitiki kopindapinda n'kukatambasula pa tebulo. M'katimo munali kanjere konyezimira. A Msungichuma anayang'ana kanjereko, anayang'ana pakhomo pomwe panaima bambo wa yunifolomu amene anaperekeza mwana wake, n'kulengeza mokweza: "Ana a m'banja limeneli alowa ulere!" Kenako chapansipansi: "Pindani, achimwene, pindani msanga."

*

Kusokoneza kiyubu pa mpikisano si kungopotokola mmene mtima wafunira. Kompyuta ndiyo imatulutsa ndondomeko, zilembo monga R, U ndi F zokwana pafupifupi 20. Wosokoneza amagwira kabokosi mbali yoyera ili pamwamba, yobiriwira ili kutsogolo, n'kutsata pepalalo chilembo ndi chilembo, kuti onse a m'gulu limodzi alandire vuto lofanana. Ntchitoyi anaipempha ndi amalume ena amene anakhala kapitawo pansi pa mgodi zaka zambiri. Pepala lija analiika pansi pa kapu ya tiyi, nati iwo pa nkhani zotere safuna thandizo.

Anakapotokola kuseri kwa msana mphindi zisanu, thukuta lili kamukamu. Mtsikana wa Fomu 3 uja anawayandikira mwaulemu.

"Amalume, musadzivute. Mu 2010 akatswiri a masamu anatsimikiza ndi makompyuta a Google kuti ngakhale mukasokoneze chaka chathunthu, kamatheka kubwerera mwakale ndi mapotokolo osapitirira 20."

"Ndiye thukuta langali lapita kuti?"

Amalume sanagonje. Kotsatira anakagwira mwakachetechete n'kupotoza kona imodzi payokha ndi chala chachikulu. Kamnyamata ka Giredi 6 kanathamangitsa zala mpaka kumapeto, n'kuima. Zonse zinali m'malo, kupatula kona imodzi yopenama.

"Amalume apotoza kona," kanatero, osadzutsa n'komwe mutu.

"Iwe, unandiona?"

"Ayi. Koma kona imodzi singatembenuke yokha. Kiyubu sichita zimenezo, amachita ndi munthu."

Amalume anakayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti kamwanako n'ka nyumba iti, kuti asamakambire nkhani zawo chapafupi. Ntchito inawathera itafika nthawi ya mwana wa mlongo wawo, pomwe kabokosi kanabwera katapotokoledwa katatu kokha, mnyamatayo n'kuswa mbiri ya dziko lonse maswiti ali m'kamwa.

*

Kabokosi kakasokonezedwa kamapita kwa wopikisana kali kovundikira. Ife zovundikira zenizeni tinalibe, tinabwereka mabakuli a amayi a Mvano. Woweruza akavundukula, wopikisana amakhala ndi masekondi 15 oti akayang'ane, akatembenuze, aganize poyambira. Woweruza amachenjeza pa masekondi 8 ndi pa 12. Ukapitirira 15 amakuonjezera masekondi awiri, ukapitirira 17 amalemba DNF, ndiye kuti ulendo umenewo wagwera m'madzi.

Pa tebulo loyamba woweruza anali abusa. Anafunsa mwana ngati wakonzeka, anavundukula bakuli, anayatsa wotchi, n'kunena kuti, "Tiyeni tipemphere." Mwanayo analeredwa bwino, anatsinzina. Abusa anapempherera odwala, a m'ndende, a paulendo, ogwira ntchito pansi pa nthaka ku Freda Rebecca ndi ku Shamva, kenako mvula. Pofika pa Ameni wotchi inali pa mphindi zitatu. DNF. Wachiwiri, DNF. Wachitatu anali mwana wa abusa omwewo, amene mapemphero a bambo ake anakulira nawo. Pomwe ankati Ameni n'kuti iye atamaliza kalekale, zikhatho zili pa wotchi, maso ali chitsinzinire, nkhope yopatulika.

Pa tebulo lachitatu vuto linali ulemu. Bakuli litangovundukulidwa, pakhomo panatulukira agogo a wopikisanayo, atangotsika kombi kuchokera ku famu ya ku Glendale.

"Wadzuka bwanji, mdzukulu wanga?"

Mwana anatsika pa mpando, anagwada, anaomba m'manja, anayankha za iye mwini, za amayi ake, za chifuwa cha mng'ono wake ndi za mbuzi yomwe inasowa. Woweruza, mnyamata wophunzira pa yunivesite ya sayansi ya kuno ku Bindura, ankangoti chapansipansi, "Masekondi 8… masekondi 12…" Agogo anatembenuka.

"Iwe ukuwerenga chiyani pamene akulu akulankhula?"

Atawafotokozera za DNF, anafunsa ngati amene analemba malamulowo ali ndi agogo. Komiti inakhala pansi theka la ola n'kugamula kuti moni wa agogo suwerengedwa. Ine ndikuti chigamulo chimenechi chinali cholondola, ndipo a World Cube Association akachiganizire bwino. Kungoti pofika masana mwana aliyense amene zamuvuta poyang'ana ankapezeka ndi agogo pakhomo, ena mwa agogowo obwereka.

*

Malamulo amati oonerera akhale patali ndi tebulo mita imodzi ndi theka, ndipo asathandize wopikisana. Mtundawo tinauyeza ndi tepi ya kumgodi n'kujambula mzere ndi choko. Koma anthu amene anakulira pa bawo, pomwe woonerera ndiye amadziwa kuposa wosewera, simungawatseke pakamwa ndi choko. Mapazi ankakhala kuseri kwa mzere, makosi okha ndiwo ankaoloka. "Yofiirayo! Kweza yofiirayo! Aaa, waononga!" Bambo amene ankakuwa kwambiri tinawapatsa kiyubu kuti atisonyeze. Anaitembenuza uku ndi uku, nati yawapeza alibe magalasi. Magalasi anali pamphuno.

Mphunzitsi wa masamu anakhala pakona tsiku lonse atagwira tsaya. Anali atangomva kuti njira yotchuka, imene imatchedwa ndi dzina la Jessica Fridrich, imafuna kuloweza ndondomeko 78 za mzere womaliza wokha, 57 zotembenuza ndi 21 zosuntha, ndipo kuti mwana amene anaziloweza zonse ndi yemwe uja amalephera thebulo la 7 m'kalasi mwake.

*

Wotchi ya mpikisano ndi kachipangizo kokhala pa kamphasa. Umaikapo zikhatho zonse ziwiri, kanyali kobiriwira kakayaka umanyamula manja, nthawi n'kuyamba kuyenda. Ukamaliza umasiya kabokosi n'kubwezera zikhatho. Imayendera mabatire, choncho magetsi atathima cha m'ma 11 koloko wotchi sinadandaule. Inadandaula ndi holo, yomwe mawindo ake anakhomedwa malata kalekale. Apa ndiye Bindura inaonetsa chimene ili. Abambo asanu ndi mmodzi anathamangira kunyumba n'kubwerako atavala zipewa za kumgodi, nyali zili ngwee pamphumi, aliyense n'kuima kumbuyo kwa mwana mmodzi.

Zinali zokongola, koma nyali ya pamphumi imapita kumene mwini wake wayang'ana. Wina ankati akamva dzina lake n'kucheuka, mwana n'kutsala mumdima. Wina nyali yake inali yakalekale, yowala mwachikasu, ndipo pansi pake mtundu wofiira ndi wa olenji unali umodzi. Mwana anamaliza, woweruza anasayina, mwana anasayina, tonse tinaomba m'manja. Magetsi atabwera tinapeza mbali ziwiri zili mawangamawanga. Mwini nyali anati iye wakhala akusiyanitsa mwala wa golide ndi mwala wamba ndi nyali yomweyo kuyambira ana amenewa asanabadwe, ndiye ngati pali wolakwa ndi kabokosi.

*

Ana a masiku ano amathira timadontho ta mafuta a silikoni m'kiyubu kuti izizungulira mofewa, ndipo zambiri zimene amagula, za GAN, MoYu kapena QiYi zochokera ku China, zili ndi timaginito m'kati. Fitala wina wopuma ntchito anaona kabotolo ka mafutawo n'kupukusa mutu. Anatenga kiyubu ya mwana wake, anamasula masikuluwu, n'kuipaka girisi weniweni, wakuda uja wa makina.

Mwana atangopotokola kachitatu, kabokosi kanati phwaa, tizidutswa tonse 20 balala! Lamulo limalola kutola ndi kubwezera, wotchi ikuyendabe. Kachidutswa kena kanagwera m'jombo la woweruza. Kena kanalowa pansi pa benchi la amayi a Mvano, komwe mwana wamwamuna sangakwawireko asanapemphe njira kwa mayi aliyense payekha. Kena anali kukajompha tambala uja wa ndalama yolowera, yemwe anamangidwa mwendo umodzi ku tebulo la a Msungichuma. Zonse zitapezeka mwana anangozilowetsa mwachisawawa, ndipo masamu ake ndi ankhanza: kiyubu ikabwezeredwa chotero, mwa maulendo 12 ndi umodzi wokha umene imatheka kumaliza. Wake sunali umodziwo. Mphindi 10 zololedwa zinatha, malaya a sukulu ali bii. Fitala anati vuto ndi pulasitiki ya masiku ano, ndipo chaka chamawa abweretsa kiyubu yachitsulo yowotcherera yekha.

*

Wosewera mpira wina anafika atasamba mapazi bwinobwino, zikhadabo atawenga, poti anamva kuti kuli mpikisano wopotokola ndi zala za kumiyendo. Tinamuuza kuti unalipodi, koma bungwe lija linauchotsa kuyambira mu 2020. Anafunsa ngati sopo wake timubwezera.

*

Aliyense amasewera kasanu. Nthawi yabwino koposa ndi yoipa koposa amazitaya, n'kutenga pakatikati pa zitatu zotsalazo. Bambo wina anavomera ndi mtima wonse zotaya yoipayo. Itafika yabwino anaimirira.

"Mwana wanga wachita bwino kamodzi kokha chibadwire, inu n'kufufuta?"

Tinawauzanso kuti pa ulendo wina mwanayo amuonjezera masekondi awiri, chifukwa anasiya mbali imodzi itapotoka kupitirira madigiri 45. Anati chilango chimenecho alibe nacho mawu, ku mgodi munthu akachedwa ankadulidwa malipiro, koma chiyambire ntchito sanamvepo kuti munthu alandidwe tsiku limene analawirira. Palibe anawayankha. Ngakhale mnyamata wa ku yunivesite uja anangoyang'ana kudenga.

*

Pa mpikisano womanga kumaso wopikisana amayang'ana kabokosi n'kuloweza pomwe kachidutswa kalikonse kali, wotchi ikuyenda, kenako amadziphimba maso ndi nsalu n'kuyamba kupotokola, woweruza atatchinga ndi katoni pakati pa nkhope ndi manja. Analowa anyamata awiri okha. Anthu ena anayamba kusendera chakukhomo. Mayi wina ananong'ona kuti ana amenewa akawaonetse kwa odziwa. Mkulu wina wa kudambwe anati kuona popanda maso si zachilendo, n'kutsegula pakamwa kuti apitirize, koma anzake awiri anamuyang'ana, iye n'kutseka. Nanenso ndilekera pomwepa, mbuzi yolipira ndilibe.

Mmodzi anamaliza, mbali zonse zisanu ndi imodzi zili bwinobwino. Nthungululu holo yonse. Amayi ake okha ndiwo anaima manja ali m'chiuno.

"Uyuyu? Uyu ndikamutuma mchere m'kabati, maso onse awiri ali tong'o, amabwerako n'kuti mulibe. Kuyambira lero ndizimutuma nditamumanga nsalu."

*

Agogo ena, akatswiri a bawo amene komboni yonse palibe anawadyapo, analembetsa nawo. Anati kabokosika amakadziwa, bwana wawo wa ku ofesi ya mgodi anali nako cha m'ma 1981, ndipo iwo ankakamaliza tsiku lililonse bwanayo akapita kokadya nkhomaliro. Bakuli litavundukulidwa anakonza chikhadabo n'kuyamba kukanda pakona. Anakanda, anakanda.

"Timapepala take tili kuti?"

Tinawauza kuti za masiku ano mtundu uli m'pulasitiki momwemo, palibe chomatula. Anabweza kabokosi m'bakuli, anavundikira okha, nati masewera aonongeka. Kenako anaitanira mtsikana wa Fomu 3 uja pa bawo panja, anamudya katatu motsatizana, mtima n'kukhala pansi.

*

Pa ndime yomaliza wojambula zithunzi amene tinamulipira anaima pabwino, anapukuta galasi la kamera, anapempha anthu kuti asendere, anawerama kuti amange chingwe cha nsapato. Podzuka n'kuti zatha. Anapempha kuti abwereze, koma pang'onopang'ono.

Anapambana ndi mtsikana yemwe uja, masekondi ake osafika 20. A Mlembi, amene pofika apa anali atasanduka akatswiri a mbiri, analengeza kuti pa mpikisano woyamba wa dziko lonse, ku Budapest mu Juni 1982, Minh Thai wa ku America anapambana ndi masekondi 22.95. A Tcheya anadzuka ndi ndodo yawo m'mwamba.

"Ndiye kuti mwana wathuyu ndi katswiri wa dziko lonse wa 1982! Wangochedwa kubadwa!"

Kamnyamata ka kona kaja kanakweza dzanja n'kunena kuti mu Juni 2023 Max Park anamaliza m'masekondi 3.13 ku California, ndipo nthawi imeneyonso ana a ku China anaitsitsa kale. A Tcheya anati mwana ameneyu pa misonkhano azikhala panja.

Zolankhula zinatenga maola awiri. A Tcheya anayambira pa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, anadutsa pa zitupa zimene zinkatitcha alendo, anafika pa malamulo a dziko a 2013 amene anatsegulira unzika ana obadwira kuno, ndipo mpunga unapsa asanafike pa kiyubu. Malume a wopambanayo analangiza kuti zala zoterezi zisathere pa pulasitiki, amugulire gitala, poti woimba Alick Macheso anachokera pa Shamva pomwepa ndipo zala zake zimadyetsa anthu ambiri. Mphoto yoyamba inali tambala uja, mlomo udakali ndi girisi. Yachiwiri maswiti otsala. Yachitatu anaidya ndi a Msungichuma poyesa ngati sanaonongeke.

Amayi a Mvano anatibwereka mabakuli asanu ndi atatu, abwerera asanu ndi awiri. Inu amene muli nalo, lamaluwa m'mphepete, chivundikiro chake chobenthuka pang'ono, kalisiyeni pakhomo pa holo, palibe akufunseni kanthu. Kiyubu imene ili m'katimo anasokoneza ndi amalume aja, ndiye musadzivute nayo, singatheke.